DOS inkakwana pa mafulopi atatu, nanga FreeDOS ikudzaza bwanji CD?

Mu 1994 kampani ya Microsoft inatulutsa MS-DOS 6.22 pa mafulopi atatu okha. Chaka chomwecho, pa 29 June, Jim Hall, yemwe panthawiyo ankaphunzira physics pa yunivesite ya Wisconsin-River Falls ku America, analengeza kuti akuyamba ntchito yolemba DOS ina, yoti aliyense aziigwiritsa ntchito, kuisintha ndi kugawira anzake popanda womuletsa. Anaitcha PD-DOS, koma dzinali silinakhalitse, ndipo lero timaidziwa kuti FreeDOS. Inafika pa 1.0 mu 2006, 1.1 mu 2012, 1.2 mu 2016, 1.3 mu 2022, ndipo 1.4 inatuluka mu 2025. Amene amapita kukaitsitsa pa intaneti amadabwa ndi zinthu ziwiri: pali mafayilo angapo oti asankhepo, ndipo ena mwa iwo ndi aakulu zedi. Mafunso ali m'munsiwa akuchokera pa kudabwa kumeneko.

Tiyambe ndi funso lopweteka: alipo amene akugwiritsabe ntchito DOS?

Alipo, ndipo sali a mtundu umodzi. Pali okonda magemu akale a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Pali makampani amene ali ndi pulogalamu yakale yowerengera ndalama kapena yoyendetsa makina a m'fakitale, yomwe inalembedwera DOS ndipo mpaka pano sinawakhumudwitse. Pali amisiri amene amangofuna kafulashi kodzutsira kompyuta kuti asinthe BIOS, n'kukachotsa pakatha mphindi zisanu. Palinso ophunzira amene amafuna kuona mmene pulogalamu imalankhulira ndi makina popanda chophimba. Makampani ngati HP ndi Dell akhala akugulitsa makompyuta ena okhala ndi FreeDOS m'malo mwa Windows, moti amene anagulapo laputopu yatsopano yotsikirako mtengo mwina anakumana nayo pa tsiku loyamba, asanapite nayo kwa mmisiri.

Vuto la wopanga installer, pulogalamu yoika DOS pa kompyuta, layambira pomwepa. Wa BIOS akufuna kanthu kakang'ono kwambiri. Wa magemu akufuna mawu ndi mbewa zigwire ntchito nthawi yomweyo. Wophunzira akufuna zida zolembera mapulogalamu. Onsewa akugogoda pa chitseko chimodzi.

Nanga DOS yeniyeniyo ndi yaing'ono, kukulaku kukuchokera kuti?

Mtima wa FreeDOS ndi waung'onodi. Fayilo ya KERNEL.SYS, imene inachokera ku DOS-C ya Pat Villani, pamodzi ndi COMMAND.COM yotchedwa FreeCOM, zimakwana pa fulopi imodzi malo n'kutsalako. Mukawonjezera malamulo onse amene munthu wozolowera MS-DOS amayembekezera, monga FDISK, FORMAT, XCOPY ndi EDIT, mumakhalabe pa ma MB ochepa. Gulu limeneli amalitcha Base.

Chimene chimatupitsa CD ndi katundu wokwera nawo. FreeDOS imabwera m'maphukusi, ndipo phukusi lililonse ndi fayilo ya zip yokhala ndi pulogalamu, malangizo ake, ndi kafayilo kofotokoza dzina, wolemba ndi chilolezo chake. Maphukusiwa ali m'magulu: magemu, za netiweki, zoimbira nyimbo, zolembera, zida zofanana ndi za Unix, ndi zida za olemba mapulogalamu. Gulu lomalizali ndiye lolemera koposa. Muli Open Watcom, DJGPP, Free Pascal, FreeBASIC, NASM ndi zina, ndipo chimodzi chokha mwa zikuluzikuluzi chimaposa Base yense. MS-DOS sinkabwera ndi zoterezi. Wofuna compiler ya C ankakagula payekha kwa Borland kapena kwa Microsoft yemweyo, m'bokosi lakelake. Choncho kuyerekeza mafulopi atatu aja ndi CD ya FreeDOS n'kulakwira FreeDOS, chifukwa CD ija yanyamula DOS pamodzi ndi zambiri zimene kale zinkagulidwa padera.

Kuti muone kusiyana kwake: fulopi ya 1.44 MB imasunga ma byte 1,474,560. CD ya 700 MB ndi mafulopi pafupifupi 500.

Akuti mbali ina ya kukulaku ndi source code. Bwanji osangoichotsa?

Source code ndi malemba amene wolemba pulogalamu analemba ndi manja ake asanawasandutse fayilo ya EXE. Mapulogalamu ambiri a FreeDOS, kuphatikizapo kernel, ali pansi pa chilolezo cha GNU GPL, chimene chimanena kuti wogawa pulogalamu aonetsetse kuti wolandirayo angathe kupezanso malembawo. Njira yosavuta yokwaniritsira lamuloli ndiyo kuika malembawo m'phukusi momwemo. Mukatero, aliyense wokopera CD n'kupatsa mnzake wakwaniritsa chilolezocho osadziwa n'komwe.

Palinso chifukwa china chimene ine ndimachiona kuti n'cholemera kuposa lamulo. Mapulogalamu ambiri a DOS analembedwa ndi munthu mmodzi, pa tsamba lake la pa intaneti, zaka 20 kapena 30 zapitazo. Masamba otere amafa. Source code ikakhala m'phukusi, imapulumuka pamodzi ndi CD iliyonse imene ili m'kabati ya munthu kwinakwake. Ndiye kuichotseratu ayi. Chimene installer imachita ndi kufunsa ngati mukufuna ikopedwe pa disiki yanu. N'chifukwa chake pamene mukusankha zoika mumaona mizere inayi: DOS yokha, DOS yokha ndi source code, zonse, ndi zonse pamodzi ndi source code. Kusankhaku kumakupulumutsirani malo pa disiki, koma sikuchepetsa zimene munatsitsa. Bandulo ya intaneti yapita kale.

Kodi installer ya DOS imachita chiyani kwenikweni? Si kungokopera mafayilo?

Kukopera ndi gawo lomaliza, ndiponso losavuta. Tiyeni tiyende nayo pa kompyuta ya disiki yopanda kanthu.

Mwaika CD, mwayatsa. BIOS imawerenga CD ija n'kudzutsa FreeDOS yaing'ono imene ili momwemo. Chodabwitsa n'chakuti DOS ikangodzuka siidziwa CD imene yadzukirayo. DOS inabadwa CD kulibe, moti pamafunika dalaivala wolankhula ndi chowerengera CD, kenako pulogalamu ina, SHSUCDX, imene imapatsa CD chilembo chake monga D: kapena E:. Pa MS-DOS ntchito imeneyi inali ya MSCDEX. Izi zikalephereka, installer ilipo pa sikirini koma maphukusi onse ali kuseri kwa khoma.

Zikatheka, pamabwera bokosi lofunsa chinenero. Kenako installer imayang'ana ngati pali C:. Palibe, chifukwa disiki sinagawidwe. Imakufunsani ngati igawe, mukavomera imaitana FDISK, n'kukuuzani kuti kompyuta iyenera kuzima ndi kuyakanso. Ikayaka mumadutsanso pa funso la chinenero lija, ndipo ulendo uno C: ilipo koma sinakonzedwe, ndiye imapempha chilolezo choyendetsa FORMAT. Pambuyo pake m'pamene imafunsa mtundu wa kiyibodi ndi mizere inayi ija. Ikatero imamasula maphukusi limodzilimodzi kulowa mu C:\FREEDOS, imalemba FDCONFIG.SYS ndi FDAUTO.BAT, mafayilo awiri amene amauza DOS zoyenera kutsegula podzuka, ndipo pomaliza imalemba kachigawo koyambirira ka disiki kuti mawa kompyuta idzadzuke yokha popanda CD.

Ikapeza kuti pa C: pali kale DOS ina, imafunsa ngati isunge kaye mafayilo akalewo pambali. Funso limeneli laikidwa pamalo pake.

Kuzimitsa ndi kuyatsanso pakati pa ntchito kuja, si ulesi wa olemba?

Ayi. DOS imagawa zilembo za madisiki kamodzi kokha, pamene kernel ikudzuka. Imayang'ana zigawo zimene zilipo nthawi imeneyo, n'kunena kuti ichi ndi C:, icho ndi D:, basi. Chigawo chimene FDISK yapanga pambuyo pake sichingaoneke mpaka kernel idzukenso. MS-DOS inalinso chimodzimodzi. Chimene wopanga installer angachite ndi kuonetsetsa kuti ikadzukanso izindikire pamene inalekezera poyang'ana mmene disiki ilili, ndiponso kuti mafunso obwerezedwa akhale ochepa.

Ndamva kuti installer imeneyi inalembedwa ndi mafayilo a BAT. Zoona?

Zoona, ndipo ndi chimodzi mwa zosankha zimene ndimazilemekeza pa ntchito yonseyi. Pokonzekera FreeDOS 1.2, Jerome Shidel analemba installer yatsopano, FDI, imene mbali yake yaikulu ndi mafayilo a batch, aja a malamulo a DOS olembedwa mzere ndi mzere. Batch payokha sitha kujambula bokosi kapena kudikira kuti munthu asankhe ndi mabatani a mivi, choncho iye analembanso timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa V8Power Tools. Kalikonse kali ndi ntchito imodzi. VFRAME imajambula bokosi, VECHO imalemba mawu a mtundu umene mukufuna pamalo amene mukufuna, VCHOICE imadikira kusankha kwanu n'kubweza nambala. Batch imawerenga nambalayo ndi lamulo la IF ERRORLEVEL n'kudumphira pa mzere woyenera.

Apa pali kamsampha kamene aliyense wolemba batch anagwamo. IF ERRORLEVEL 1 sitanthauza kuti yankho ndi 1, imatanthauza kuti ndi 1 kapena kuposerapo. Ndiye mukakhala ndi mayankho anayi, muyenera kuyamba kufunsa za 4, kenako 3, kutsika choncho. Mukayambira pa 1, aliyense adzalandira yankho loyamba kaya wasankha chiyani, ndipo ngati yankho loyambalo linali lofufuta disiki, mwaphetsa anthu.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti installer ndi malemba wamba. Munthu wofuna kupanga FreeDOS yakeyake, ya m'sukulu kapena ya makina a kampani yake, amatsegula fayilo, amasintha mndandanda wa maphukusi, osafuna compiler. Womasulira m'chinenero china amangosintha mafayilo a mawu. Komanso kapulogalamu kalikonse kakamaliza ntchito kamachoka m'memore, zimene n'zofunika pa DOS, pomwe mapulogalamu wamba amapanikizana m'malo a 640 KB.

Kuipa kwake ndi liwiro. Mzere uliwonse wojambula kanthu ndi pulogalamu yoti iwerengedwe kuchokera pa disiki, iyendetsedwe, itsekedwe. Pa kompyuta ya lero simungazindikire. Pa makina akale owerenga CD mwaulesi mumaona bokosi likudzimanga pang'onopang'ono. Palinso nkhani ya malo olembapo. DOS ikamapereka zotuluka mu pulogalamu ina kupita ku inzake, imayamba yazilemba m'fayilo yongoyembekezera. Pa CD sungalembepo, disiki nayo sinakonzedwe, ndiye pamafunika kubwereka mbali ya RAM kuti ikhale ngati disiki yakanthawi. Timavuto totere wogwiritsa ntchito sationa, koma ndi timene timadya nthawi ya wolemba.

Installer yabwino ifunse mafunso angati?

Ochepa kwambiri, ndipo akhale amene munthu wamba angayankhe. Ma installer akale a FreeDOS ankakonda kuyendetsa munthu gulu ndi gulu kuti asankhe maphukusi. Pamaso zimaoneka ngati ulemu. Koma munthu amene akuika DOS koyamba sadziwa kusiyana kwa HIMEMX ndi JEMM386, ndipo kumufunsa ndi kungomusenzetsa katundu amene olemba anayenera kusenza okha. Amangovomera zonse kuti athane nazo, n'kudzaza disiki ndi zinthu zimene sadzatsegula.

Kuyambira pa 1.2 maganizo anasintha: funsani zochepa, ikani DOS yogwira ntchito, zotsalazo munthu adzasankha atakhazikika. Ntchito imeneyo inapita kwa FDIMPLES, pulogalamu yoonetsa magulu a maphukusi ndi mafotokozedwe ake, pomwe mumachonga chimene mukufuna n'kuchotsa chimene mwatopa nacho. Odziwa zambiri sanaiwalidwe. Installer ili ndi njira yachiwiri ya akatswiri, imene imafunsa za foda yoikamo ndi mndandanda wa maphukusi, koma njirayo muyenera kuiitana dala.

Funso limodzi lokha ndi limene siliyenera kufupikitsidwa kapena kubisidwa, ndilo logawa ndi kufufuta disiki. Pamenepo installer iime, inene momveka chimene chichitike, ndipo kukana kukhale kosavuta ngati kuvomera.

N'chifukwa chiyani pali mafayilo ambirimbiri oti munthu asankhepo potsitsa?

Chifukwa makompyuta a zaka 40 sadzuka mofanana. FreeDOS 1.3 inatuluka m'mitundu isanu ndi umodzi: LiveCD, LegacyCD, BonusCD, FullUSB, LiteUSB ndi Floppy Edition.

LiveCD ndi ya anthu ambiri, makamaka oika FreeDOS m'kompyuta yongoyerekezera ngati VirtualBox kapena QEMU, ndipo imalola kuyesa DOS musanaiike. LegacyCD ili ndi katundu wofanana koma imadzuka mwa njira ina. Muyezo wodzutsira kompyuta ndi CD, wotchedwa El Torito, unakhazikitsidwa cha m'ma 1995, ndipo ma BIOS oyambirira ankaumva mosiyanasiyana. Ambiri ankangodziwa njira imene CD imadzionetsa ngati fulopi. LegacyCD ndi ya makina amenewo. Kwa makina amene sadzuka ndi CD n'komwe, pali fulopi yodzutsira, yomwe ikamaliza ntchito yake imasiyira CD. FullUSB ndi LiteUSB ndi zolemba pa fulashi, ndipo yachiwiriyi ili ndi Base yokha, n'chifukwa chake ndi ya ma MB makumi ochepa pomwe inzake ndi ya mazana. BonusCD siidzutsa kompyuta. Ndi nkhokwe chabe ya maphukusi amene sanakwane pa CD yoyamba.

Kubadwa kwa BonusCD kukuonetsa amene akulamulira kukula kwa FreeDOS. Ndi CD ya 700 MB. Wina anganene kuti bwanji osangopanga DVD imodzi, nkhani n'kutha. Koma makina a nthawi ya Pentium ambiri ali ndi chowerengera CD chokha, ndipo ndi makina omwewo amene FreeDOS imawatumikira bwino koposa. Malire amenewa ndimawaona ngati dalitso. Pakadapanda iwo, palibe chikadakakamiza aliyense kufunsa ngati phukusi lakutilakuti likuyeneradi kukhala pa CD yoyamba.

Komabe kuchuluka kwa mitunduyi kuli ndi mtengo wake. Uliwonse uyenera kumangidwa ndi kuyesedwa, ndi anthu ongodzipereka amene ali ndi ntchito zawo masana. Ndipo mlendo akaona mayina asanu ndi limodzi, wafunsidwa kale funso lovuta installer isanayambe n'komwe.

Floppy Edition nayo ndi ya ndani? Si mwambo chabe?

Ndi ya makina enieni akale, a purosesa ya 8086, 8088 kapena 286, amene alibe CD kapena USB, ndipo sangayendetse zida zambiri zofuna 386. Ili ndi installer yakeyake yopepuka ndipo imanyamula DOS yoyambira yokha. Zovuta zake ndi zina. Fayilo ikaposa fulopi imodzi iyenera kudulidwa zidutswa n'kulumikizidwanso pa disiki, ndipo installer iyenera kusanja zinthu kuti munthu asamabwezeretse fulopi imene anaichotsa kale. Mafulopi nawo sali a muyezo umodzi: pali a 720 KB, a 1.2 MB ndi a 1.44 MB, ndipo muyezo uliwonse umafuna kugawa kwakekwake. Anthu ofuna zimenezi ndi ochepa, koma DOS imene singaikidwe pa makina amene DOS inapangidwira ingakhale yochititsa manyazi.

Bwanji osapanikiza mafayilo kwambiri, monga ndi 7-Zip, kuti achepe?

Chifukwa wopanikiza ndi womasula si kompyuta imodzi. Kupanikiza kumachitika pa makina amphamvu a lero, koma kumasula kumachitika pa makina a wolandira, amene mwina ali ndi RAM ya 4 MB kapena yosakwana n'komwe 1 MB. Njira ya zip wamba, yotchedwa deflate, pomasula imangofuna kukumbukira 32 KB ya zimene yangodutsamo. Njira ya LZMA imene 7-Zip imagwiritsa ntchito imachepetsa kwambiri chifukwa imakumbukira kutali, kawirikawiri ma MB angapo, ndipo womasulayo ayenera kukhala ndi RAM yokwana pamenepo. Mukapulumutsa ma MB pang'ono potsitsa, mwatsekera kunja makina akale, kapena mwawadikiritsa maola.

Palinso phindu lina la zip. Aliyense ali ndi chotsegulira, pa DOS, pa Linux, pa Windows. Phukusi la FreeDOS mungalimasule ndi manja ngakhale installer itakana. Ndipo popeza maphukusi ndi opanikizidwa kale, kupanikizanso CD yonse sikuchotsapo zambiri. Mapulogalamu ena a EXE nawo amakhala atafinyidwa kale ndi UPX. Madzi anafinyidwa kale, chotsala ndi kuchotsa maphukusi enieniwo.

Ndiye ngati ndatsitsa ma MB akutiakuti, pa disiki padzafunikanso omwewo?

Ayi, ndipo apa anthu ambiri amapunthwa. Pali miyezo itatu: chimene mwatsitsa, chimene chimatuluka mukamasula, ndi malo amene chimadya pa disiki. Wachitatuwu umadalira FAT, njira imene DOS imasungira mafayilo. FAT imagawa disiki m'timagawo tofanana, ndipo fayilo iliyonse imatenga kagawo kathunthu ngakhale ili yaing'ono motani. Pa FAT16, chigawo cha disiki cha 2 GB, chomwe ndi malire ake pa DOS, chimakhala ndi timagawo ta 32 KB. Fayilo ya 1 KB imadya 32 KB, ngati kuponya singano imodzi m'thumba la makilogalamu 50 n'kulisoka pakamwa.

Tsopano taganizirani compiler kapena source code, zimene zimakhala ndi mafayilo ang'onoang'ono masauzande. Mafayilo 5,000 a 2 KB iliyonse ndi 10 MB yokha, koma pa disiki yotereyi adya pafupifupi 160 MB. FreeDOS imadziwa FAT32, imene timagawo take tingakhale tating'ono ngati 4 KB, ndipo pamenepo kuwonongeka kwa malo kumachepa kwambiri. Installer yoona mtima iwerengere zimenezi isanayambe kukopera. Kulephera pa phukusi la 200 chifukwa disiki yadzaza n'koipa kuposa kukana pachiyambi.

Masiku ano zonse zili pa intaneti. Bwanji osapanga installer yaing'ono yotsitsa zotsalazo yokha?

Pa Linux njira imeneyi ndi yozolowereka. Pa DOS imavuta chifukwa DOS ilibe netiweki m'thupi mwake. Pamafunika dalaivala wapadera wa khadi lanu la netiweki, wotchedwa packet driver, kenako mapulogalamu onga a mTCP, a Michael Brutman, amene amabwera ndi TCP/IP yawoyawo. Makadi akale ambiri ali ndi madalaivala otere, ndipo makadi ongoyerekezera a mu VirtualBox ndi QEMU amatheka. Koma makadi ambiri atsopano alibe, ndipo za Wi-Fi ndi bwino kungoiwalako. Installer yodalira intaneti ingasiye anthu ambiri panjira.

Izi sizikutanthauza kuti maganizowo ndi olakwika. Mateusz Viste, amene analemba FDNPKG yotsitsira maphukusi a FreeDOS pa netiweki, anayambitsanso DOS ina yotchedwa SvarDOS, imene imatsata njira imeneyi. Mumaika kachimake kakang'ono kokwana pa mafulopi ochepa, ndipo zina zonse mumatenga phukusi limodzilimodzi pamene mwalifuna. Kwa amene netiweki ikumuyendera, SvarDOS ndi yopepuka mosangalatsa. FreeDOS inasankha kuti munthu akhale ndi zonse m'manja ngakhale alibe waya. Zonse ziwiri zili ndi nzeru yake, kungoti zikuganizira anthu osiyana.

Kwa ife ogula intaneti ya pa foni m'mabandulo, kusiyana kwa 30 MB ndi 600 MB timakumva m'thumba. Koma CD yathunthu ili ndi ubwino umene wolemba wa ku Ulaya mwina sauganizira: mmodzi akatsitsa, fulashi imazungulira kalasi yonse.

A FreeDOS amasankha bwanji zochotsa pa CD? Si pamene pamayambira mikangano?

Ndi pomwepo. Kuwonjezera phukusi n'kosavuta, palibe amene amadandaula. Kuchotsa ndiye nkhondo, chifukwa phukusi lililonse lili ndi munthu mmodzi kwinakwake amene amalikonda. Zifukwa zochotsera zimene zimamveka ndi zitatu: chilolezo chake sichikudziwika bwino kapena source code yake palibe, pulogalamuyo ili ndi zolakwika zimene palibe akuzikonza, kapena pali ina imene ikugwira ntchito yomweyo bwino. Mwachitsanzo, pa 1.4 anachotsa SEAL ndi oZone, mapulogalamu awiri a mawindo ndi mbewa amene anasiyidwa kalekale osakonzedwa, n'kusiya OpenGEM.

Chathandiza n'chakuti kuchokera pamene 1.3 inatuluka, pamakhala FreeDOS yoyesera mwezi ndi mwezi. Phukusi likasunthidwa kapena kuchotsedwa, anthu amaona msanga n'kulankhula, m'malo modzadzidzimuka patapita zaka zingapo. Ndipo kuchoka pa CD sikufa. Mafayilo amakhalabe m'nkhokwe ya ibiblio, ya yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill, kumene FreeDOS imasungako katundu wake.

Maganizo anga ndi akuti muyezo ukhale wolimba kuposa pamenepa. CD yoyamba inyamule zimene munthu angafune m'sabata yake yoyamba: DOS, madalaivala, cholembera chimodzi kapena ziwiri, zida za netiweki, ndi magemu ochepa oonetsa kuti makina ali moyo. Wofuna ma compiler asanu ndi munthu amene sangasochere pofunafuna CD yachiwiri.

Ndalemba FullUSB pa fulashi koma laputopu yanga yatsopano ikukana kudzuka nayo. Installer yalakwa?

Kawirikawiri ayi. FreeDOS, monga DOS iliyonse, imadalira BIOS kuti iwerenge disiki, kiyibodi ndi sikirini. Makompyuta atsopano ali ndi UEFI m'malo mwa BIOS. Kwa zaka zingapo UEFI inkabwera ndi gawo lotsanzira BIOS, lolembedwa kuti CSM kapena Legacy m'zosankha za kompyuta, ndipo mukalitsegula n'kuzimitsa Secure Boot, DOS inkadzuka. Intel inalengeza kuti isiya gawo limeneli pofika 2020, ndipo makina ambiri a pambuyo pake alibe. Pa makina otere palibe installer imene ingathandize. Njira ndi kuyendetsa FreeDOS mkati mwa VirtualBox, QEMU kapena 86Box.

Chenjezo lina kwa olemba pa fulashi: mafayilo a USB aja ndi chithunzi cha disiki yathunthu, choti chilembedwe ndi pulogalamu yolembera zithunzi zotere. Kungokokera fayiloyo m'fulashi sikugwira, ndipo kulemba koyenerako kumafufuta zonse zimene zinali m'fulashimo.

Ndiye ine nditsitse iti?

Ngati mukungofuna kusintha BIOS, musatsitse iliyonse mwa izi. Pulogalamu ya Rufus, ya pa Windows, ili kale ndi FreeDOS yaing'ono m'kati mwake ndipo imapanga fulashi yodzutsira m'mphindi imodzi. Ngati mukufuna kuyendetsa pulogalamu imodzi yakale pa makina enieni amene amadzuka ndi USB, LiteUSB ikukwanirani. Ofuna kuphunzira kapena kusewera m'kompyuta yongoyerekezera atenge LiveCD, ndipo BonusCD aisiye kaye mpaka tsiku limene adzafune phukusi limene silili pa LiveCD. Floppy Edition ndi ya amene ali ndi 286 kapena yakale kuposa pamenepo, ndipo iwowo akudzidziwa.

Mukatsitsa, yerekezani nambala ya SHA256 ya fayilo yanu ndi imene yalembedwa pa tsamba la FreeDOS, chifukwa intaneti ikaduka pakati fayilo imatha kuoneka yathunthu pomwe ili yoduka. Ndipo ngati pa kompyutayo pali zithunzi kapena makalata amene mumawafuna, akopereni kwina musanavomere funso la FDISK.